Musanalowe Mumgwirizano, Werengani Anthu Anu

Ana anga, mkangano umene wabuka m'zipani zathu, kuyambira pa Mangochi Boma mpaka ku Monkey Bay, ku Namwera ndi ku Makanjira, ndi wakale kuposa zipani zimene mukuzivalira nsaluzo. Mbali ina kuli inu amene mwatopa. Mukuti chipani chiyime pachokha, chinene mosapsatira kuti akuba amangidwe ndipo nkhope zakale zikapume. Chikagwa chigwe, bola chagwa ndi ulemu. Mbali inayo kuli akhalakale: magavanala, apampando a madera, amayi amene anayamba kuvina pa misonkhano inu musanabadwe. Iwo akuti ndale ndi masamu, kutsutsa sikudyetsa, chitukuko chimabwera ndi boma, choncho tiyeni titsamire amene akuoneka kuti apambana. Inu mumawatcha adyera. Iwo amati mavoti anu ali pa Facebook.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo zonse zimapunthwa. Ofuna kusintha zinthu msanga amaiwala kuwerenga anthu awo. Odekhawo amawerenga bwino, koma amaiwala chimene anthuwo anawatuma. Tsono chisankho chikayandikira, onse amatenga mphamvu zimene anazikhetsera thukuta n'kukazitula m'manja mwa munthu wina, podalira mawu a pakamwa kapena pepala lobisika. Kuno kunyanja zimenezi taziona kangapo, ndipo tazilipira modula.

Tiyambe ndi wakwathu, a Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa mpingo wa Anglican ku Malindi. Mu 1956, ali ndi zaka 25 zokha, anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ku Zomba limodzi ndi a Kanyama Chiume. Nthawi imeneyo chipani cha Nyasaland African Congress chinali chogawikana monga zilili zanu lero. A Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano anali aphungu ku nyumba ya malamulo ya Chitaganya ku Salisbury, ndipo ankati kuli bwino kukhala mkati n'kumalankhulira anthu kusiyana n'kukuwa uli panja. A Chipembere ndi anzawo ankati kukhala m'nyumba imeneyo n'kuvomereza Chitaganya. Achinyamata anapambana, ndipo mu 1957 awiri aja anachotsedwa m'chipani.

Koma achinyamatawo masamu ankawadziwa. Anaona kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangatsatire ana, choncho anafuna munthu wachikulire, wophunzira, woti dzina lake lizinjenjemeretsa. Analembera makalata Dr. Hastings Kamuzu Banda, n'kuyenda m'midzi kumutamanda asanafike n'komwe. A Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 July 1958. Mwezi wotsatira ku Nkhata Bay anamusankha kukhala mtsogoleri, n'kumupatsa mphamvu yodzisankhira yekha komiti yonse. Mu 1960 ku Nkhotakota anamuika kukhala mtsogoleri wamuyaya wa Malawi Congress Party. Njirayo inagwira: Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, ufulu unabwera pa 6 July 1964.

Patangotha miyezi iwiri, nduna zinayamba kufunsa mafunso. Bwanji odwala azilipira tiki kuchipatala? Bwanji azungu akadali pa maudindo akuluakulu m'boma? Bwanji tikuyanjana ndi Apwitikizi amene akupondereza abale athu ku Mozambique? Awa anali madandaulo a anthu wamba enieni. Koma nkhani itafika m'nyumba ya malamulo, ndunazo zinapezeka zili zokhazokha. Aphungu onse 50 a MCP anali atalowa popanda wopikisana nawo mu April chaka chomwecho, ndipo aliyense ankadziwa amene anavomereza dzina lake. Pa 7 September a Kamuzu anachotsa a Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Chipembere, amene anali ku Canada, atabwera anatula pansi udindo n'kubwerera ku Malindi. Usiku wa pa 12 February 1965 anatsika m'mapiri ndi amuna pafupifupi 200, nalanda Boma la Fort Johnston (Mangochi ya lero), n'kulunjika ku Zomba. Pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina la Shire, ulendo n'kuthera pomwepo.

Zotsatira zake agogo anu akuzidziwa. Midzi inatenthedwa. A Medson Silombela, mmodzi wa otsatira a Chipembere, ananyongedwa ku Zomba mu 1966. Anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa mudzi wonse kukatsekeredwa. A Chipembere anamwalirira ku Los Angeles mu 1975 ali ndi zaka 45. Anali olimba mtima, anzeru, ndipo pa zambiri ankanena zoona. Chimene chinawagwetsa chinachitika zaka zisanu ndi chimodzi mkangano usanabuke, tsiku lija ku Nkhata Bay pamene iwo ndi anzawo anapereka komiti yonse kwa munthu mmodzi poganiza kuti angomubwereka nkhope.

Pa nthawi yomenyera zipani zambiri, mkangano womwewo unabweranso. A Chakufwa Chihana ndiwo anaonetsa chamuna: anatsika ndege ku Lilongwe pa 6 April 1992 akudziwa kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi. Otsatira chipani chawo cha AFORD ankanyoza UDF kuti ndi MCP yongosintha malaya, popeza mtsogoleri wake a Bakili Muluzi anakhalapo mlembi wamkulu wa chipani cha Kamuzu. Zipani ziwirizo zinalephera kuimika munthu mmodzi. Pa 17 May 1994 a Muluzi anapeza 47 peresenti, a Kamuzu 33, a Chihana 19. Chaka chisanathe, a Chihana anali wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti m'boma lomwe ankalinyozalo.

Ambiri amati a Muluzi anapambana chifukwa kummwera kuli anthu ambiri, ndipo n'zoona. Koma kumbukirani chimene analonjeza: sukulu ya pulaimale yaulere. Pa malonjezo onse a chaka chimenecho, limeneli ndilo linali lolimba mtima kwambiri, ndipo litakwaniritsidwa ana oposa miliyoni imodzi anathamangira kusukulu nthawi imodzi. Komatu linanenedwa m'mawu oti mayi woyanika usipa pa Makawa amva popanda womumasulira. Apa pali phunziro kwa inu nonse okangana. Anthu saopa mfundo zazikulu. Chimene savotera ndi mfundo imene sakuona kuti ilowa bwanji m'nyumba mwawo.

Tsono odekha nawonso anapunthwa pa mwala womwe uja. Nkhani yowonjezera materemu italephera m'nyumba ya malamulo mu 2002, a Muluzi anatenga a Bingu wa Mutharika, amene mu 1999 sanakwane ndi 1 peresenti yomwe pa chipani chawo cha United Party, n'kuwaika patsogolo pa akuluakulu onse a UDF. A Aleke Banda ndi a Justin Malewezi anachoka. Atcheya a Muluzi anayenda dziko lonse kugulitsa mlendoyo, ife kuno tinavota ndi mtima wonse, ndipo anapambana mu 2004. Pa 5 February 2005 a Bingu anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. Chipani chimene chinapambana chisankho chinadzuka chili kotsutsa. Mu 2009 anthu a m'maboma muno anauzidwa kuti avotere a John Tembo a MCP, chipani chimene makolo awo ankachitchula monong'ona. Palibe anabwera kudzawafunsa. Onani mmene mipando ya UDF inayendera: 93 mu 1999, 49 mu 2004, 17 mu 2009.

Ambiri a inu mukukumbuka 2014, pamene a Atupele Muluzi, ali ndi zaka 35, anabwera ndi ung'onoung'ono ndi Agenda for Change. Anapeza 13.7 peresenti ndi aphungu 14, ndipo mavoti ambiri anachokera kuno, ku Machinga ndi ku Balaka. Pa chisankho chimene wopambana, a Peter Mutharika a DPP, anangopeza 36 peresenti, amenewo sanali mavoti ochepa. Patangopita milungu yowerengeka a Atupele anali nduna, ndipo mu 2015 aphungu ambiri a UDF anasamukira ku mipando ya boma. Malemu Lucius Banda, phungu wa Balaka North, anakana n'kutsala kotsutsa. Osamukawo ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, anthu athu akufuna misewu ndi mijigo lero. A Lucius ankati chipani chikalowa m'mimba mwa chinzake sichitulukamo chamoyo. Mu 2019 a Atupele anaima paokha n'kupeza 4.7 peresenti, aphungu anatsika kufika pa 10, ndipo mpando wawo wa Machinga North East unapita kwa woyima payekha. A Lucius, amene anali atalowa UTM, nawonso anataya Balaka North. Wolowa m'boma anagwa, wokana anagwanso. Mu 2025 a Atupele anangopeza pafupifupi 2 peresenti.

Cholakwika sichinali kugwira ntchito ndi boma pakokha. Cholakwika chinali chakuti palibe munthu wa ku Katuli kapena ku Chimwala akanatha kukuuzani kuti mavoti ake anasinthanitsidwa ndi chiyani. Panalibe ndandanda yolengezedwa yakuti talowa chifukwa cha izi ndi izi, zikalephereka pofika chaka chakuti tidzatuluka. Wovota ataona kuti wachikasu wa UDF ndi wabuluu wa DPP akudyera mbale imodzi, anati bola ndipite kwa mwini mbaleyo.

Inu okonda moto, tengani phunziro lanu kwa malemu Saulos Chilima. UTM inakhazikitsidwa mu July 2018, ndipo chaka chisanathe a Chilima anapeza 20 peresenti. Misonkhano inkadzaza, achinyamata ankaimba mpaka mawu kusasa. Koma aphungu anali anayi okha pa mipando 193. Khoti litathetsa chisankho cha 2019 pa 3 February 2020 n'kunena kuti pulezidenti azipeza mavoti oposa theka, UTM inalowa mu Tonse Alliance, ndipo pa 23 June a Lazarus Chakwera a MCP anapambana ndi mavoti oposa 58 peresenti. Mu July 2022 m'pamene a Chilima anaulula kuti panali pangano lakuti mu 2025 adzaima ndi iwo. A MCP anati chipani chawo sichinamangidwe ndi zimenezo. Anthu amene anavota analibe poimira, chifukwa pepalalo sanalionepo. A Chilima atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024, UTM inatuluka mumgwirizano, ndipo pa 16 September 2025 a Dalitso Kabambe, amene anaimira UTM, anapeza pafupifupi 4 peresenti.

Inu ana a kunyanja mumadziwa mmene usodzi wa kauni umayendera. Siginala amapita patsogolo ndi nyali zake pa bwato, ndipo usipa umasonkhana pa kuwalako. Koma nyali sigwira nsomba. Pafunika ena oponya chilimira ndi kukoka, ndipo m'mawa pa doko wolamula kagawidwe ndi mwini khoka. Achinyamata pa ndale mwakhala asiginala a anthu ena: mumasonkhanitsa khamu, kukacha n'kupeza kuti khoka si lanu.

Tsono mverani. Choyamba, werengani anthu anu ndi mayina, osati ndi maso. Mangochi ili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, koma wovota ndi yekhayo amene ali ndi chitupa cha unzika, analembetsa, ndipo tsikulo ali pamudzi. Mnzanu amene akukuchemererani pa WhatsApp ali ku Joni savota. Msodzi amene analembetsa ku Msaka koma chisankho chamupeza atasamukira doko lina savota. Amene amafika pa mzere kusanache ndi amayi ndi agogo, anthu amene inu simuwaitana ku misonkhano yanu. Gulani kope, lembani mudzi ndi mudzi kuti wakuti analembetsa, wakuti ayi. Munthu amene angathe kunena kuti ndili ndi anthu 400 m'wodi muno ndipo mayina awo ndi awa, palibe gavanala angamuthamangitse pa msonkhano.

Chachiwiri, gwirani makomiti a madera. Pitani mukaone mapulaimale pa bwalo la sukulu. Opikisana amaima atafulatira, nthumwi n'kundanda kumbuyo kwa amene zikumufuna. Dzuwa lili pamutu, lole yatsitsa anthu amene simunawaonepo, ndipo mkulu wina wagwira ndandanda ya madera akuitana mayina. Anyamata a mnzanu wophunzira amene akupikisana nawo akukuwa kunja kwa chingwe kuti amenewo si akuno, koma mayina awo ali pa ndandanda ndipo anuwo palibe. Chisankho chimenecho chinatha miyezi ingapo m'mbuyomo, tsiku limene makomiti ankasankhidwa pansi pa mtengo wa mango inu muli ku mpira. Misonkhano ya madera ndi yotopetsa, ilibe zoimbira, nthawi zina mumangokambirana za msonkho wa maliro. Koma chipani chimakhala kumeneko.

Chachitatu, dziwani kuti malamulo a zisankho si amodzi pa mipando yonse. Pulezidenti amafunika mavoti oposa theka, choncho chipani cha maboma atatu kapena anayi sichingafikeko chokha, ndipo wokuuzani kuti mgwirizano uliwonse ndi kugulidwa akukunamizani. Koma phungu ndi khansala amapambana ngakhale ndi voti imodzi yoposa mnzake. Oyima paokha anatenga mipando 52 mu 2014 ndi 55 mu 2019, umboni wakuti anthu amavotera munthu amene akumudziwa. Uphungu umayambira pa zaka 21. Choncho mkangano wakuti tiyime patokha kapena tigwirizane ndi ena ugaweni pawiri: kumwambako gwirizanani, kunsi kuno imani ndi miyendo yanu. Mgwirizano wokuuzani kuti musaimike aphungu kwanu komwe ukukupemphani khoka.

Chachinayi, pangano lizikhala lolembedwa, lolengezedwa chisankho chisanachitike, ndipo lizinena za zinthu osati za mipando. Unduna ndi wa munthu mmodzi, ndipo amene anaupereka angaulande ndi chikalata chimodzi chowerengedwa pa wailesi. Nenani za msewu wa ku Makanjira umene walonjezedwa pa zisankho zingapo. Nenani za chambo chimene chatha m'nyanja ya Malombe, ndi mphamvu zimene makomiti a m'madoko akufuna kuti athane ndi makoka oletsedwa. Nenani za sukulu za sekondale zoti mtsikana wa ku Namwera azifikako osachita lendi kutali ndi makolo ake. Nenani kuti ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) zizimatidwa pa khoma la ofesi ya khonsolo, aliyense aziwerenga. Ikanipo zaka, ndipo lembanimo tsiku lotulukira zikalephereka. Mtsogoleri wanu akati pepalalo ndi lachinsinsi, dziwani kuti inu mulibemo.

Chachisanu, sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene simungagulitse, zinazo muzilola kukambirana. Wosagonja pa chilichonse amatsala yekha. Inu amene munakhalako ku Joni mukudziwa za a Julius Malema: anachotsedwa mu ANC mu 2012, anayambitsa EFF mu 2013, ndipo patatha zaka zoposa khumi akulankhula mopanda mantha, mu 2024 anali pansi pa 10 peresenti. ANC itatsika kufika pa 40 peresenti chaka chimenecho, inapanga boma ndi zipani zina kuphatikizapo DA, iwo n'kutsala panja. Kutuluka m'chipani n'kosavuta, ndipo tsiku loyambalo m'manja mumawombedwa. Musanatuluke, funsani kuti makomiti angati atuluka nanu.

Chachisanu ndi chimodzi, lekani kutukwana akhalakale. Mayi uja mukumutcha wadyera chifukwa walandira chitenje ndi K2,000, mwana wake atamwalira ndi phungu amene anagula bokosi n'kutumiza galimoto. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, ndipo ndi lamulo labwino, koma lamulo silinyamula maliro. Ngati mukufuna asiye kudalira thumba la munthu mmodzi, khalani oyamba kufika pa siwa, kumbani manda, yambitsani thumba la m'mudzi. Akadzakuonani pa mavuto kawirikawiri m'pamene adzamve za katangale kuchokera pakamwa panu. Akhalakale amenewa amadziwanso zimene inu simudziwa: mfumu iti imamveredwa, ndani amene mawu ake amalemera ku mzikiti kapena ku tchalitchi, mabanja ati sakhalirana pansi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atavala nsalu imene simukuikonda.

Chachisanu ndi chiwiri, tetezani voti mpaka isainidwe. Usiku wowerenga mavoti m'kalasi mumakhala nyali imodzi, udzudzu ndi njala. Monitala amene wakhala chiimire kuyambira m'mamawa osadya, foni yake yazima, akamva kuti munthu wake watsala m'mbuyo amanyamuka osasaina, osatenga pepala lake la zotsatira. Mlandu wa Tippex, uja unathetsa chisankho cha 2019, unatheka chifukwa panali anthu amene anasunga mapepala awo. Konzani chakudya cha mamonitala, aphunzitseni kuwerengera, ndipo muwauze kuti wochoka womaliza ndi iwo.

Chomaliza, musanyamule chikwanje chifukwa cha munthu wandale. Tinaona a Young Pioneers, tinaona a Young Democrats, tinaona makadeti. Zinthu zikatembenuka, bwana amakwera ndege kapena kulowa chipani china, wogona m'chitokosi ndi mwana wa mayi wosauka. Midzi ya kuno inaphunzira zimenezi mu 1965, ndipo palibe chifukwa choti muziphunzirenso pa thupi lanu.

Chisankho china chikubwera mu 2030. Pofika chaka chimenecho atsogoleri adzakhalanso pansi m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Blantyre kugawana maboma, ndipo dzina la Mangochi lidzatchulidwa ngati katundu wa winawake. Kaya mudzakhala mbali ya oyima paokha kaya ya ofuna mgwirizano, mawu anu adzalemera molingana ndi makomiti amene muli nawo, makhansala amene munaimika ndi mayina amene ali m'kope mwanu. Zimenezo sizipezeka m'chaka cha kampeni. Funsani lero kuti komiti ya dera lanu ikumana liti, ndipo mukafikeko nthawi isanakwane.